Sizasi ya Zuhura pa Sari Yofiira

Ntchito ya Zuhura Ilyasi inali yoimirira. Kuyambira seveni koloko m'mawa ankaima pambali pa lamba woyenda, m'chinyumba chosankhira zovala zakale ku Mississauga, n'kumapatula zimene anthu a mu Toronto anaponya m'mabokosi a m'misewu. Jinzi yabwino uku, juzi yong'ambika uko. Zabwinozo ankazipanikiza m'mabelo, mabelowo n'kukwera sitima kupita kwathu kukakhala kaunjika.

Nthawi zina ankaziseka yekha zimenezi, ngakhale sizinali zoseketsa. Ku Limbe anasoka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo chimene chinamusamutsa pakhondepo chinali kaunjika yemweyo. Anthu atazolowera kugula madiresi pamulu, telala anangotsala ndi ntchito yofupikitsa ndi yobweza m'chiuno. Tsopano mu 2005, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye ankalongedza mabelowo ndi manja ake.

Panali mtundu umodzi wa zovala umene sunkalowa m'belo. Awa anali masari, nsalu zazitali zija amayi achimwenye amadzikulunga nazo. Ogula a ku Africa sankawafuna. Athonje ankawaduladula kuti akakhale nsanza zopukutira oyilo m'magalaja, koma asilika, poti samwa oyilo, ankangopita kudzala.

Tsiku lina mu Febuluwale pa lamba panadutsa sari yofiira. Atainyamula anamva kulemera kwake. Inali ndi mpendero wa ulusi wagolide wotambalala ngati zala zinayi, ndipo chilema chake chinali bowo limodzi la moto chapakati ndi banga la mafuta. Anaiyang'ana ngolo ya kudzala, n'kuibisa sariyo kumapazi kwake. Kapitawo anamuona.

"Zinyalala izo," anatero kapitawoyo m'Chingerezi. "Ngati mukuzifuna tengani, bola musaimitse lamba."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse Zuhura ankakwera basi ndi chijumbo cha masari pamiyendo.

Anali ndi kopita nawo. Loweruka lililonse m'mawa ankaphunzitsa kusoka m'chipinda cha pansi pa nthaka, m'nyumba ya nsanjika makumi awiri ku North York, moyandikana ndi chipinda chochapira. Chipindacho ndi makina asanu ndi atatu amene analimo zinali za kabungwe kothandiza anthu obwera kumene m'dziko. Woyang'anira maphunzirowo anali Douglas Kamwendo wa ku Thyolo, bambo wophunzira amene ankavala tayi ngakhale Loweruka. Iye ndiye anamupeza Zuhura kudzera mwa a Malawi anzawo, ndipo anamuuza chochita momveka bwino: aphunzitse amayi msoko woongoka kuti akapeze ntchito m'mafakitale a zovala.

Msoko woongoka amayiwo anaudziwa m'masabata atatu. Panali Vainess, wosamalira okalamba wochokera ku Chipata, Amna wa ku Nkhotakota, amayi awiri a ku Somalia, wina wa ku Jamaica, ndi Tiyanjane, mtsikana wa zaka makumi awiri amene anabadwira ku Toronto komweko kwa mayi wa ku Malawi ndipo ankaphunzira za zovala pa koleji ina mu tawuni. Atatopa ndi kusoka mizere pa nsalu yoyera, Zuhura anakhuthula chijumbo chake patebulo.

"Lero tiyamba ntchito yeniyeni," anatero. "Magazini a madiresi mwabwera nawowo bwezani m'zikwama. Pa nsalu yatsopano umayamba ndi chithunzi cha chimene ukufuna. Pa nsalu yakale umayamba ndi bowo."

Anauza Vainess ndi Amna kuti agwire sari imodzi, wina uku wina uko, aikweze moyang'anizana ndi getsi. Paliponse pamene kuwala kunalowa, anazunguliza ndi choko. Kenako anawaonetsa kukoka nsalu pang'ono pakati pa zala kuti amve pamene pafumbwa. Atatha ndi pamene anayala mapateni odula pa nyuzipepala, akuwasuntha uku ndi uku mpaka onse atakwana popanda kukhudza choko. Ngati mkono sunakwane, diresilo linkasintha, kukhala la manja aafupi kapena kusanduka siketi. Mpendero ankausomphola kaye n'kuupinda pawokha kuti udzakongoletse kolala ndi matumba. Mapanjabi akale athonje, malaya aatali aja achimwenye, ankakhala lainingi, nsalu yam'kati. Pofuna jekete yolimbana ndi chisanu cha kumeneko, ankasanjikiza masari awiri, pakati n'kuikapo bulangete lopyapyala, n'kusoka mizere yoyandikana. Tizidutswa totsala tinkalowa m'chitini cha mabisiketi, todzakutira mabatani.

"Anti, ku koleji izi amazitcha sustainable fashion," anatero Tiyanjane, amene Chichewa chake chinkayenda mopunthwapunthwa. "Pali kosi yonse. Ma professor amalemba mabuku."

"Amazitcha chiyani?"

Tiyanjane anabwereza.

"Ife ku Limbe tinkangoti osataya nsalu," anatero Zuhura. "Sitinkadziwa kuti ili ndi dzina. Chotsa phini m'kamwamo, mwana iwe."

Sari yofiira ija anakhala nayo mwezi wathunthu osaidula. Ankaitulutsa, kuiyala, kuiyeza ndi tepi, n'kuipindanso. Loweruka lachisanu anaganiza zoti ikhale jekete yofika m'mawondo. Anailemba ndi choko amayi onse atamuzungulira, ndipo atangotsegula sizasi panamveka mawu pakhomo.

"Iwe, siya sizasiyo."

Onse anatembenuka, chifukwa mawuwo anali a Chichewa. Pakhomo panaima mayi wokalamba wachimwenye, wamfupi, atavala sari yoyera ndi juzi yokhuthala pamwamba, atanyamula basiketi ya zochapa.

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa Zuhura.

"Ndati siya. Ukudziwa chimene ukudulacho? Iyo ndi sari ya ukwati. Munthu anailuka ndi manja miyezi ingapo, mkwatibwi anaivala pamaso pa makolo ake. Iwe ukufuna kuisandutsa chikwama?"

Zuhura ankawadziwa bwino mayankhulidwe amenewo. Anawamva zaka zonse za pakhonde paja, ndipo zaka zonsezo ankayankha kuti inde dona, maso ali pansi. Anaika sizasi patebulo koma dzanja sanalichotsepo.

"Chichewa munachiphunzira kuti?"

"Ndinabadwira ku Ntcheu. Tinali ndi sitolo kumeneko, kenako ku Limbe."

"Inenso ndi wa ku Limbe. Ndinali telala wa pakhonde, mwina munkandidutsa. Kumeneko ankangonditchula kuti iwe. Muno ndine mphunzitsi, ndipo awa ndi ophunzira anga. Ngati muli ndi mawu, lowani munene kuti inu, ndikumverani."

Mayi uja sanalowe, komanso sanachoke.

"Sariyi ndinaitola pa lamba wa zinyalala," anapitiriza Zuhura. "Mwini wake, kaya ana ake, anaiponya m'bokosi la pamsewu pamodzi ndi masokosi. Ndikanapanda kuibisa, bwenzi pano ili kudzala, pansi pa matewera. Ngati pali amene anainyoza, si ine."

Anatenganso sizasi ija n'kudula, kuyambira m'mphepete mpaka pa choko, osathamanga. Atadzutsa mutu anapeza pakhomo palibe munthu.

"Ha, koma mwawauza," ananong'ona Vainess.

Zuhura anapatsa Amna sizasi kuti amalize kudula mkono.

Loweruka lotsatira mayi uja anabweranso, ulendo uno wopanda basiketi. Anaima pakhomo pomwepo mphindi zingapo akuyang'ana zidutswa zofiira zili patebulo.

"Inu aphunzitsi," anatero pomaliza. "Mwalakwitsa penapake."

"Lowani mundionetse."

Dzina lawo linali Mayi Nirmala, ndipo ankakhala okha pa nsanjika ya khumi ndi chinayi m'nyumba yomweyo. Anatenga chidutswa cha kumapeto kwa sari, chimene chinali ndi maluwa othithikana kuposa kwina konse. Anati kumeneko kumatchedwa palu, ndiko kumalendewera paphewa, ndipo woluka amaikako luso lake lonse. Zuhura anali atakulemba choko kuti akugawe pakati, kukhale matumba awiri.

"Dulani kwina konse, koma uku kukhale kwathunthu," anatero Mayi Nirmala. "Kuikeni kumsana."

Zuhura anayang'ana pateni yake, anayeza ndi tepi, n'kufufuta choko chija ndi chala.

"Akunena zoona," anauza kalasi. "Mwamva nonse? Palu sitigawa."

Tsiku limenelo Mayi Nirmala anawaphunzitsanso kusiyanitsa silika weniweni ndi wapulasitiki. Anasolola ulusi umodzi n'kuuyatsa ndi machesi pa sosala. Weniweni ankanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa, pamene wabodza ankasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Anawaletsa kuchapa masari ndi madzi otentha, ndiponso kuika simbi pa ulusi wagolide osayalapo kansalu. Atafika pa makina a Tiyanjane anaona msoko wokhota n'kumuuza m'Chichewa kuti asomphole. Tiyanjane anayankha m'Chingerezi, ndipo gogoyo anamufunsa ngati alibe manyazi kuti mmwenye akumuposa chinenero cha amayi ake.

Patapita masabata awiri anatsika ndi sutikesi ya matayala. Munali masari khumi ndi asanu ndi limodzi, amitundu yowala, onunkhira mankhwala a njenjete. Chimwalirireni amuna awo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ankavala zoyera zokha. Ana awo aakazi awiri ankagwira ntchito m'maofesi ku Mississauga ndipo ankavala mathalauza.

"Ndikadzafa adzaponya m'bokosi lomwe lija," anatero. "Bola ndiwaone akudulidwa ndili moyo, ndi munthu wodziwa kugwira sizasi."

Atayamba kuwayala, anabweza imodzi yobiriwira m'sutikesi osanena chifukwa, ndipo palibe anafunsa.

Douglas ankangosuzumira kawirikawiri n'kudutsa. Koma kumayambiriro kwa Epulo analowa kalasi itatha, anatseka chitseko, n'kukhala pamphepete pa tebulo.

"Achemwali, ndiyankhule nanu ngati m'bale wanu," anayamba. "Kumapeto kwa Juni kukubwera alendo ochokera kwa amene amathandiza bungwe lino. Tinawalonjeza amayi okonzeka kulowa m'fakitale. Ndikufuna adzapeze maepuloni makumi anayi ofanana, atapachikidwa pakhoma apa. Nsalu ndaodetsa kale. Izi mukuchitazi ziime."

"Mafakitale ake ati, a Douglas? Amna anagwirapo pa ina mu tawuni, anaitseka chaka chatha, ntchito inapita kunja. Mukufuna ndiwakonzekeretse kukagogoda pa zitseko zokhoma?"

"Zimenezo si za inu ndi ine. Pepala la mgwirizano linalembedwa kale."

"Chabwino. Ola loyamba tizisoka maepuloni anuwo, otsalawo tizichita zathu."

"Ayi. Pali zinanso. M'nyumba muno anthu akudandaula nsikidzi, inu mukulowetsa zovala za kudzala. Ndamvanso kuti mumayatsa machesi."

"Chilichonse chimachapidwa ndi kusitidwa chisanalowe muno. Fufuzani, mukapeza nsikidzi imodzi ndichoka ndekha."

Douglas anakonza tayi yake, n'kutsitsa mawu.

"Mukudziwa zimene anthu amakamba pa chinkhoswe cha kwa a Bwanali mwezi watha? Akuti a Malawi a ku North York asanduka otoleza nsanza za amwenye. Tinavutika kuti tifike kuno, achemwali. Ena a ife tikuyesetsa kuti azungu azitiona ngati anthu."

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo, osati nsikidzi," anatero Zuhura. "Amene amakambawo anakula atavala kaunjika, ena mpaka pa tsiku la ukwati wawo. Lero manyazi awagwira pa nsalu imene tikuisoka tokha? Ine maepuloni okhaokha sindiphunzitsa. Amayi awa akudziwa tsopano kuyang'ana nsalu n'kuganiza okha chimene ingakhale. Sindiwabweza m'mbuyo."

"Ganizani bwino."

"Ndaganiza."

Loweruka lachitatu kuchokera pamenepo, kiyi wa Zuhura anakana kulowa. Loko anali atasinthidwa, ndipo pachitseko panamatidwa kalata yonena kuti maphunziro aimitsidwa pa zifukwa za ukhondo. Ntchito zawo zonse, jekete yofiira ya mkono umodzi, masiketi ogwidwa ndi maphini, masari a Mayi Nirmala, zinali m'majumbo akuda asanu ataunjikidwa pafupi ndi migolo ya zinyalala kumapeto kwa kolido.

Amna anayamba kulira. Tiyanjane anati aimbira foni amayi ake, kenako anati alemba kalata ku nyuzipepala. Zuhura anapita kukamasula majumbowo limodzi limodzi, n'kuona ngati chilichonse chilimo. Chitini cha tizidutswa chinali chitatseguka, ndipo anagwada n'kutola tonse.

"Amna, pukuta m'maso," anatero. "Atenga chipinda ndi makina, zinali zawo. Nyamulani majumbowa, lero kalasi ilipo."

"Kuti?" anafunsa Vainess.

Zuhura sankadziwa. Kanyumba kake kanali ka chipinda chimodzi, ndipo kanali mtunda wa mabasi awiri. Anali akuganiza za paki ya kuseri kwa nyumbayo, ngakhale kunja kunali kukuzizirabe, pamene Mayi Nirmala anadina batani la chikepe.

"Mwaimiranji?" anatero gogoyo. "Kwerani."

Pabalaza pa Mayi Nirmala panali popanikiza. Anakankhira sofa kukhoma, anapinda kapeti, ndipo pansi panakhala tebulo lodulira. M'kabati munatuluka makina opukusa ndi dzanja amene anachoka nawo ku Limbe. Sabata yotsatira Zuhura anabweretsa ake pa basi atawakulunga m'chitenje, Vainess n'kubwereka ena kwa mnzake wa ku tchalitchi. Makina atatu sanali okwana, choncho ankasinthana, ena akusoka pamanja. Mmodzi wa amayi a ku Somalia anasiya kubwera, chifukwa chimene ankafuna kwambiri chinali satifiketi ya bungwe, ndipo Zuhura anamuuza kuti sakulakwa. Otsalawo anagwira ntchito miyezi iwiri. Mawondo ankapweteka, ndipo woyandikana naye nyumba wa pansi anagogodapo kawiri chifukwa cha phokoso, mpaka anayala mabulangete pansi pa makina.

Douglas anapeza mphunzitsi wina ndi amayi ena, maepuloni n'kusokedwa. Tsiku la alendo linali Loweruka lomaliza la Juni, teni koloko m'mawa. Vainess ndiye anamva nthawiyo kwa mlonda wa nyumbayo.

"Sitikalowa m'chipinda chawo," anatero Zuhura m'mawa umenewo. "Sitikakuwa, sitikanyamula zikwangwani. Tikangokhala pa mabenchi a polowera paja. Mayi Nirmala amakhala muno, ife ndi alendo awo. Palibe angatichotse."

Anatsika chikepe kutatsala mphindi khumi. Vainess anavala diresi lachikasu la mpendero wobiriwira m'khosi. Amna anavala mkanjo wautali wa masari awiri abuluu osiyana, ndi mpango wa palu kumutu. Tiyanjane anali ndi kajekete kafupi pamwamba pa jinzi, mabatani ake okutidwa ndi tizidutswa ta m'chitini. Mayi Nirmala anavala zoyera monga mwa masiku onse, koma ananyamula chikwama chimene anasoka okha. Zuhura anavala jekete yofiira ija, ngakhale kunja kunali kotentha, palu yonse yathunthu ili kumsana.

Anthu okhala m'nyumbayo anayamba kuima. Mayi wina wa ku Punjab, akuchokera kogula zinthu, anagwira mkono wa Amna n'kuuyang'anitsitsa osapempha. Alendo atatu atalowa ndi Douglas, anapeza polowera padzaza. Mmodzi wa iwo, mayi wamtali wa imvi amene anadzitchula kuti Elizabeth, anaima pamaso pa Zuhura.

"Izi mwagula kuti?" anafunsa m'Chingerezi.

"Tasoka tokha, ndi masari akale."

Douglas sanachedwe. Anamwetulira n'kutambasula dzanja.

"Awa ndi ena mwa ophunzira athu," anatero. "Timalimbikitsa luso la mitundu yonse."

Zuhura anaimirira. Chingerezi chake chinali chapang'onopang'ono, koma aliyense anamva.

"Tinali ophunzira awo mpaka mu Epulo. Anasintha loko, katundu wathu n'kumuika pa zinyalala, ati ndi wauve. Izi tasokera pamwamba, kunyumba kwa mayi awa, ndi makina atatu."

"Achemwali, mukundivula pamaso pa alendo," ananong'ona Douglas m'Chichewa.

"Mukanangokhala chete, inenso ndikanakhala chete," anayankha Zuhura. "Koma thukuta lathu simulitenga."

Anavula jekete ija, anaitembenuza, n'kuipereka kwa Elizabeth kuti aone misoko yam'kati. Mayiyo anayendetsa chala pa lainingi, anafunsa kuti bulangete lili pati, ndipo Tiyanjane anafotokoza zonse mothamanga, m'Chingerezi cha ku koleji. Alendowo analemba m'mabuku awo, anagwedeza mitu, n'kutsika kukaona maepuloni.

Palibe chachikulu chimene chinatsatira kuchokera kumeneko. Chipinda sichinabwezedwe. Douglas anakhalabe pa ntchito yake, ndipo patapita mwezi Zuhura analandira kalata yomuthokoza chifukwa cha nthawi imene anatumikira bungwe. Anaitembenuza n'kujambulapo pateni ya kolala. Pa misonkhano ya a Malawi ena ankamupatsa moni wa patali, ndipo iye ankapitabe, atavala zosoka yekha, n'kukhala kutsogolo.

Chimene chinasintha chinali chitseko cha Mayi Nirmala. Amene anawaona polowera paja anayamba kugogoda. Mayi wa ku Punjab uja anabwera ndi mapanjabi a malemu apongozi ake, kenako kunabwera amayi awiri a ku Sri Lanka, kenako anzake atatu a Tiyanjane a ku koleji amene ankafuna kujambula zithunzi. Zuhura anawauza kuti kamera aisiye pakhomo ndi nsapato, atenge singano. Pofika Okutobala ophunzira anali khumi ndi awiri, ndipo anawagawa, ena m'mawa ena masana.

Mu Novembala Vainess anabwera ndi kajumbo kamene sanafune kukatsegula pagulu. Anakokera Zuhura kukhitchini.

"Izi zachokera kwa a Selina," anatero motsitsa mawu. "Akazi a a Douglas. Timagwira limodzi kwa okalamba kuja. Gogo wina amene ankamusamalira anawasiyira sari iyi. Akufuna muwasokere diresi la pa Khirisimasi, koma bambo asadziwe kuti lachokera kuno."

Zuhura anasuzumira m'kajumbomo. Inali sari yamtundu wa biringanya, silika wabwino.

"Bwezani," anatero. "Muwauze kuti sindikuwada. Koma zosokera anthu mobisa ndinazisiya. Muno ndimaphunzitsa. Ngati akulifuna diresilo, abwere Loweruka naini koloko adzalisoke okha, ndipo adzalowere khomo la kutsogolo."

"Sangabwere. Ofesi ya amuna awo ili pansi pomwepa."

"Ndiye sariyo aisunge."

Loweruka limenelo sanabwere, lotsatiranso ayi. Loweruka lachitatu, chipale chofewa choyamba chitagwa, kunamveka kugogoda kalasi itayamba kale. Mayi Nirmala atatsegula anapeza mayi wonenepa wa magalasi, atakumbatira kajumbo kaja pachifuwa.

"Ndine Selina," anatero. "Pepani ndachedwa."

Makina onse atatu anaima. Zuhura anadzuka pansi pamene ankadula, n'kupukuta choko m'manja.

"Fikani, mayi. Bambo akudziwa kuti muli kuno?"

"Ndi amene andibweretsa pa galimoto. Njira yonse sanayankhule. Potsika ndawauza kuti adzanditenge wani koloko." Anavula nsapato n'kuziika pa mzere wa zinzake. "Ndinene chilungamo, makina sindinawagwirepo chibadwire."

"Palibe anabadwa nawo. Khalani apo, pakati pa Amna ndi firiji."

Selina anali wa manja olemera. Anathyola singano zinayi, ndipo zipi anaisomphola katatu. Khirisimasi inadutsa diresi lili m'maphini. Zuhura anakana kumusokera ngakhale msoko umodzi, ngakhale tsiku limene Selina anaponya nsaluyo pasofa n'kunena kuti zamukwana. Diresilo linatha mu Febuluwale, mkono wakumanzere uli waufupi pang'ono kuposa unzake. Zuhura anamuuza kuti akhoza kuukonza sabata yotsatira, koma Selina anati wadikira mokwana. Analivala Lamlungu lomwelo ku tchalitchi, ndipo Vainess, amene analiko, anasimba kuti pa nthawi ya zolengeza Selina anaimirira kulandira alendo, ndipo mayi wina atamufunsa potuluka kuti telala wake ndani, anayankha mokweza kuti ndi iye mwini, amuna ake ali pambali atanyamula majekete.